Mwera umapumitsa abambo okha

Mwera ukalusa pa nyanja ya ku Nkhotakota, makamaka pakati pa May ndi August, mabwato amagona pamchenga. Asodzi a kwa Malengachanzi amasonkhana pansi pa mtengo wa mango, mmodzi akusoka chilimira, ena onse maso ali pa bawo. Palibe amawanena. Nyanja yakana, basi.

Chomwe chamutsina mlembi wa danga lino sabata ino ndi chaching'ono. Mayi wina atachoka kovuula chinangwa, manja akununkhabe madzi a m'dzenje, anatula dengu n'kutambasula miyendo pakhonde. Apongozi ake sanachedwe: "Kodi amake mwana, m'thupi simuli bwino?" Kwa iwo, mkazi wokhala pansi dzuwa lili pamutu ndiye kuti wadwala.

Tiyeni tiwerengere bwino. Msodzi wa usipa ali ndi matchuthi angapo omwe sachita kupempha kwa munthu. Mwera ndi umenewo. Mwezi ukawala kwambiri, usipa sukopeka ndi nyali, ndipo ambiri amagona kunyumba. Mu November ndi December boma limaletsa makoka ena kuti chambo chiswane. Kwa anansi athu ku Salima, Mfumu Makanjira imatseka chilumba cha Mbenji miyezi ya dzinja chaka ndi chaka, ndipo nsomba za kumeneko zimatchuka ndi kunenepa. Ndiye kuti tonse tikugwirizana kuti ngakhale nsomba zimafunika kupuma.

Nanga mayi? Nsomba zikafa, ndiye wofutsa, woyanika pathandala, wokwera nazo galimoto pa msewu wa M5. Nsomba zikasowa, ndiye wothamangira kudimba kukasaka ndiwo. Kondowole naye sadziwa tchuthi: kukumba, kusenda, kuviika masiku angapo, kuyanika, kusinja. Mpunga ukacha, mayi yemweyo ndi ana ake ali kumunda m'bandakucha kuingitsa mbalame.

Lamulo la ntchito la mu 2000 limapatsa mayi wolembedwa ntchito masabata 8 opuma akabereka. Wogulitsa usipa pamsika wa pa boma lamulolo amangolimva pa wailesi. Ndipo pa 15 October, tsiku la anakubala, amalandira chitenje kenaka n'kuphikira anthu onse obwera kudzamupatsa chitenjecho.

Pamwamba pa zonsezi, mayi yemweyo ali ndi misonkhano. Lolemba banki m'khonde, Lachiwiri sikelo, Lachitatu komiti ya sukulu, Lachinayi chigwirizano cha amayi kutchalitchi, Lachisanu Ijumaa kwa anzathu achisilamu, Loweruka maliro kapena ukwati. Kenaka limabwera bungwe ndi galimoto yoyera kudzaphunzitsa makolo kufunika kocheza ndi ana awo, msonkhano wake wa tsiku lonse, ana omwewo atawasiya okha kunyumba.

Akulu akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wa sitandade 6 sasiya sukulu tsiku limodzi. Amayamba ndi kujomba Lachisanu, kenaka mumamuona pagombe akuthandiza kukoka khoka kuti apatsidwe kambale ka usipa, kenaka yunifolomu yasanduka chovala chogonera. Kholo lomwe limachoka mdima ulipo n'kubwera mdima wagwa limadzamva nkhaniyi kwa aphunzitsi teremu itatha. Lomwe limakhala pamphasa madzulo n'kufunsa kuti kope lili kuti limaigwira sabata yoyamba.

Palibe akuti bawo ithe. Koma mwera umadziwika kutacha, mafunde amamveka mpaka kumtunda, choncho bambo amadziwa m'mawa kuti lero kunyanja kulibe. Njinga ilipo, zigubu zilipo, mjigo suli kutali. Akatunga madzi ndi kuperekeza ana kusukulu, anzake a bawo adzawapezabe pansi pa mango pomwepo, ndipo mayi aja adzatambasula miyendo popanda wowafunsa za chipatala.