Nkhanga Zinapangana Kusanapse

Pali bodza lina lomwe lazika mizu pakati pa anthu okonda makhadi a Uno, moti lero wonena zoona ndiye amaoneka wopepera. Bodzalo ndi lakuti mnzako akakuponyera khadi la +2, lokulamula kutola makhadi awiri, iwe ungathe kusanjikapo lina lotero kuti chilango chonse chigwere wotsatira. Ndinene mosapsatira mawu: lamulo limeneli m'pepala la malamulo a Uno wamba mulibe, ndipo amene amalivumbulutsa masewera ali m'kati akubera anzake masanasana.

Masewerawa anawayambitsa Merle Robbins, wometa tsitsi wa ku Ohio m'dziko la America, m'chaka cha 1971, ndipo kuyambira 1992 ali m'manja mwa kampani ya Mattel. Pa khadi la +2 malamulo amanena zinthu ziwiri: wotsatira atole makhadi awiri, komanso nthawi yake yoponya imudumphe. Akatswiri osanjika amawerenga chiganizo choyamba, chachiwiricho n'kuchitsinzinira. Ukawafunsa amati, "Nanga pepalalo laletsa pati?" Abale, lingaletse bwanji chinthu chosatheka kale? Kusanjika ndi kuponya khadi, ndipo munthu wodumphidwa alibe nthawi yoponya. Nkhani inathera pomwepo. Mu Meyi 2019 eni masewerawa analengeza pa Twitter kuti kusanjika +2 pamwamba pa +4 n'kosaloledwa, anthu ambiri n'kukwiya ngati alandidwa munda. Komatu kampaniyo sinapange lamulo latsopano, inangowerengera anthu zomwe anakhala akuzilumpha kwa zaka zambiri.

Pa khadi la +4 matenda ake ndi ena. Lamulo likuti uliponye pokhapokha ngati ulibe khadi la mtundu womwe uli pamwamba pa mulu, kaya wofiira, wachikasu, wobiriwira kapena wabuluu. Mawu ake akukhudza mtundu basi. Pamulu pakakhala 7 wofiira, iwe uli ndi 7 wachikasu koma ulibe khadi lofiira, +4 wakoyo ndi wovomerezeka. Koma ena amaumirira kuti uyenera kukhala wopandiratu khadi lililonse loponyeka. Oyamba aja amachotsa mawu m'lamulo, awa akuwonjezeramo awo. Chodabwitsa n'chakuti malamulowo anapereka kale njira yothetsera kukayikirana. Amene waponyeredwa +4 angathe kutsutsa, ndipo woponyayo amamuonetsa makhadi ake. Akapezeka kuti ananama, amatola anayiwo ndi iyeyo, koma akapezeka wosalakwa, wotsutsayo amatola asanu ndi limodzi. Ndi angati amadziwa zimenezi? Ambiri amathamangira kukweza mawu.

Ena adzati masewera ndi a osewera, si a kampani ya kutsidya la nyanja, ndipo kusanjika kumakometsa zinthu. Pamenepo sinditsutsa. Pakhomo panu mungasewere monga mwafunira. Chomwe ndikukana ndi kutcha "kumasulira" pamene munthu akupanga lamulo lakelake, ndiponso kulipanga ataona kale makhadi ali m'manja mwake. Taonani bwino: wolimbikira kusanjika amakhala amene wafumbata +2. Ikafika nthawi yoti mulu wa makhadi asanu ndi atatu umugwere iyeyo, mudzamva akukumbukira mwadzidzidzi zomwe zinalembedwa papepala.

Komanso kusintha lamulo limodzi kumagwedeza ena. Mu 2023 Mattel inatulutsa Uno Show 'Em No Mercy, wa makhadi 168, momwe kusanjika n'kololedwa. Koma inaikamonso lamulo lakuti wofika makhadi 25 m'manja watuluka m'masewera. Anadziwa kuti ukatsegula khomo la kusanjika, wina adzasenza katundu wosatha kumutula. Osanjika a pakhonde amatenga kukoma kokhako, osafunsa ngati +4 angakwere pa +2, kapena ngati khadi lobweza mzere lingabweze chilango. Mafunso amenewa amabuka moto utabuka kale, ndipo amayankhidwa ndi wamkulu thupi kapena mwini makhadi.

Wina angaseke kuti ndikulimbana ndi zachibwana. Koma ana ambiri amayamba kukumana ndi lamulo lolembedwa pa masewera ngati amenewa. Mwana akaona kuti mawu a papepala amagonja kwa wolongolola, phunziro limenelo salisiya pamkeka. Adzapita nalo ku komiti ya mpingo, ku bungwe la mpira, ku ofesi, kumene mfundo yoti mtsogoleri akhale zaka zakutizakuti imayamba "kumasuliridwa" zakazo zikangotsala pang'ono kutha.

Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Musanagawe makhadi, funsanani: tikusanjika kapena ayi? Ngati inde, khadi liti pa liti, ndipo malire ndi angati? Mukagwirizana, limenelo ndiye lamulo lanu mpaka masewera atathe, ndipo likumanga ngakhale amene analipempha. Ngati simunapangane kanthu, pepala la m'bokosi ndilo likulamula, lonse lathunthu, popanda kudulako kapena kusokererapo. Amene waponyeredwa +2 atole makhadi ake awiri mwakachetechete, adikire nthawi yake.