Cisoti cili pamutu, nanga mawondo ndi zigongono?

Njinga zamoto zaculuka m'misewu yathu. Ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi zimanyamula anthu ndi katundu kufika kumene minibasi safika, ndipo mu Lusaka anyamata ambili akudyela nchito yopelekela anthu zakudya ndi maphukusi. Bungwe la RTSA ndi apolisi amalimbikila za cisoti, ndipo akucita bwino, pakuti lamulo limafuna kuti woyendetsa ndi wokwela onse avale. Koma nkhani yathu yonse imathela pamutu. Tikaona m'munsi, tipeza malaya opepuka, manja osavala kanthu, nthawi zina mapatapata.

Munthu akagwa panjinga, amayamba kugunda pansi ndi zikhatho, zigongono ndi mawondo, kenaka amakhwekhweleka. Tala ndi miyala zimasenda khungu, dothi limaloŵa m'cilonda, ndipo bala lotelo limacedwa kupola. Njinga ikagwela cammbali, imapana mwendo ndi kakolo. Wopulumuka imfa amakhala milungu kapena miyezi osagwila nchito, pamene mwini njinga akuyembekeza ndalama yake ya tsiku ndi tsiku, ana akufuna cakudya.

Kafukufuku amene Liz de Rome ndi anzake anafalitsa mu 2011 ku Australia anapeza kuti amene anagwa atavala jekete, thalauzi kapena magolovesi opangidwila njinga yamoto sanali kugonekedwa m'cipatala kaŵilikaŵili monga anzao osavala. Koma anapezanso kuti zochinga za pa mawondo ndi zigongono sizinacepetse kuthyoka kwa mafupa. Tiyenela kukamba zimenezi mosabisa: zovala zimateteza khungu ndi mnofu, koma fupa limatetezedwa ndi liŵilo locepa. Wogulitsa amene akulonjeza zoposa apa akunama.

Zochinga zenizeni zimakhala ndi cizindikilo ca EN 1621-1, muyezo wa ku Europe. Zambili zimene zimagulitsidwa motchipa ndi pulasitiki cabe yomangidwa ndi lamba wofooka, imene imasendemuka pa bondo panthawi imene ikufunika.

Oyendetsa ali ndi zifukwa zao, ndipo si zopanda pake. Kutentha kwa mu October m'cigwa ca Luangwa sikulola munthu kukhala m'jekete yacikumba tsiku lonse, ndipo mtengo wa zovala zabwino ndi wokwela kwa mnyamata woyendetsa njinga ya mwini. Ndiye cifukwa cake tiona kuti udindo uyenela kuyamba ndi eni njinga ndi makampani olemba nchito. Amene wakwanitsa kugula njinga angakwanitse kuonjezela magolovesi, majombo obisa kakolo ndi zochinga mawondo. Izi zikhudzanso mipingo yathu, imene imagulila abusa ndi alaliki njinga zoyendela m'midzi: bajeti ya njinga ikhale ndi zovala zake. Kumene ndalama zacepa, majombo olimba ndi jinzi yocindikala ya pa salaula ndi poyambila.

Wokwela kumbuyo ndiye amaiŵalika kothelatu. Ekizozi yotentha imawaula msongolo pokwela ndi potsika, ndipo citenje colendewela cingakodwe m'cheni kapena m'wilo la kumbuyo. Woyendetsa asanalize njinga, aziona kuti mapazi a amai ali pa zopondela ndipo citenje capindidwa bwino.