Dothi la ku Kasiya Libwerere M'dzenje Lake

Ife a ku Santhe, amene tinakulira pachidikha pomwe maso amadutsa zigafa ndi minda ya fodya osapunthwa paphiri, tinayamba kumva za mapiri oumbidwa ndi manja a anthu kwa agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela, nabwerako ndi jekete, wailesi ndi chifuwa chosamva mankhwala. Iwo ankasimba za milu yachikasu ya mchenga wotsala poyenga golide, imene inkafuka fumbi m'nyengo ya mphepo. Ndipo ngakhale Kamuzu analetsa ulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha abale athu oposa 70, milu imene thukuta lawo linaunjika inakhalabe chiimire.

Lero ina mwa milu ija akuigumula ndi madzi amphamvu, napopera thope lake kufakitale ya Ergo ku Brakpan, koma tisanyengedwe kuti achita zimenezi pochitira chifundo anthu opuma fumbi. Agumula chifukwa mumchengamo munatsalira golide. Mulu wopanda phindu ulibe mwini. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi unatsekedwa mu 1994, koma kufikira tsopano ana akusewera m'dothi la mtovu umene umaononga ubongo wawo. Ndipo ku Kitwe mulu wotchedwa Black Mountain unagumukira anthu ofukula zotsalira mu June 2018, nupha osachepera 10.

Nkhani imene imandisowetsa tulo ndi ya Aberfan, mudzi wa kumapiri a ku Wales, kumene zinyalala za malasha anaziunjika pamtsetse pamwamba pa akasupe, kufikira pa 21 October 1966, pamene mulu wokhuta madzi unatsetsereka, nukwirira sukulu, nupha anthu 144, mwa iwo ana 116. Pamene makolo anaumirira kuti milu yotsalayo ichotsedwe, boma linatapa mapaundi 150,000 m'thumba la chipepeso cha anamfedwa kuti alipirire ntchitoyo, ndipo ndalamazo zinabwezedwa mu 1997. Ndani angamve zotere osagwidwa nthumanzi, kuti woferedwa ndiye anagulitsidwa khasu lofafanizira chimene chinamuphera mwana?

Sindikunena izi ngati nthano ya kutali, pakuti kwa anansi athu ku Kasiya, pamsewu womwewu wotifikitsa ku Lilongwe, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals yapeza rutile ndi graphite wochuluka pansi pa minda, ndipo kampani ya Rio Tinto inagulamo gawo mu 2023. Miyalayi ili pafupi, m'dothi lofewa, kotero kuti chimene chidzafukulidwe ndicho munda weniweniwo. Ndiyenera kuvomereza mosabisa kuti mu 2024 kampaniyi inakumba dzenje loyesera, nilikwirira, nidzalapo chimanga, ndipo chimenechi nchoyamikika. Koma dzenje limodzi lokwiriridwa pamaso pa alendo ndi akuluakulu a boma silifanana ndi maenje a zaka makumi angapo, pamene mitengo yagwa pamsika, mgodi wasintha eni, ndipo amene analonjeza anapita kwawo. Ku Kayelekera ku Karonga tinaona kampani ya Paladin ikutsegula mgodi mu 2009, niimitsa ntchito mu 2014, nidzagulitsa. Mlendo ndi mame.

Alimi a kuno amadziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Chomwechonso lonjezo lokonza malo mgodi ukadzatha lili pachala. Chifukwa chake ndikupempha aphungu athu, ndi bungwe la MEPA loyang'anira zachilengedwe, kuti khasu lalikulu lisanalase nthaka, ndalama zokwanira kukwirira dzenje lililonse zisungidwe ngati chikole kumene kampani singazikhudze, ngakhale itagwa kapena kugulitsidwa. Dothi lakuda lapamwamba, limene makolo analidyetsa manyowa mibadwo yambiri, liunjikidwe palokha, lisasanganizidwe ndi katondo wapansi, ndipo kukwirira kuzitsata m'mbuyo mwa kukumba chaka ndi chaka. Mafumu athu ndi eni minda apatsidwe mphamvu yoyendera malowo, ndipo chikolecho chisabwezedwe kufikira mlimi atalimapo, nakolola, nayeza matumba ake pamaso pa mboni.