Kompyuta ya kaunjika ikayamba kudandaula, funsani amene anakugulitsani

Pa boma la Chitipa masiku ano simungayende mtunda wautali osaona kompyuta. Ili m'kasitolo kotayipa makalata ndi kufotokopa, ili pa tebulo la mlembi wa alimi a khofi ku Misuku, ili m'chikwama cha mphunzitsi wa ku Nthalire amene akuwonjezera maphunziro patchuthi. Koma tinene zoona, atsopano mwa makompyuta amenewa ndi owerengeka. Ambiri ndi a kaunjika. Anagwira kale ntchito m'maofesi a ku Ulaya, Dubai kapena Johannesburg, ndipo anafika kuno kudzera ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, kapenanso m'katundu wa amalonda ochokera ku Tunduma ndi Nakonde.

Kaunjika si tchimo. Tavala kaunjika, takwera kaunjika, ndipo kompyuta yakale yosamalidwa bwino imagwira ntchito zaka zambiri. Ngakhale bungwe la The Turing Trust la ku Scotland, pamene linayamba kuthandiza sukulu za m'chigawo cha kumpoto mu 2016 mogwirizana ndi Centre for Youth and Development ya ku Mzuzu, linabweretsa makompyuta okonzedwanso, ndipo ana ambiri anagwira kiyibodi koyamba chifukwa cha iwo.

Vuto limene ndikufuna tikambirane ndi lina. Munthu wagula laputopu, wafika nayo kwawo ku Kameme kapena ku Wenya, yagwira bwino miyezi ingapo. Tsiku lina pakona ya sikirini, kumanja chakumunsi, patuluka mawu otuwa akuti “Activate Windows”. Kwa wina kumabwera kabokosi konena kuti “Your Windows license will expire soon”. Amene adakali ndi Windows 7 amaona sikirini yada bii, ndi mawu omuneneza kuti Windows yake si yeniyeni. Munthu uja mtima phaa, akuganiza kuti makina aphwa kapena wapalamula. Athamangira kwa mnyamata wokonza makompyuta, alipira, mawu aja asowa. Pakapita miyezi, ndi awo abweranso.

Ine maganizo anga ndi akuti mawu amenewa si matenda a kompyuta ndipo kawirikawiri si mlandu wa wogula. Ndi ngongole imene wogulitsa anakubisirani, ndipo yakwana nthawi yoti tiyambe kuibweza kwa mwini wake.

Choyamba tichotse mantha. Windows 10 kapena 11 ikadandaula chotere siifafaniza makalata anu kapena zithunzi zanu. Imapitiriza kugwira ntchito. Chimene imachita ndi kukukanizani zinthu zina zokongoletsera sikirini ndi kukukumbutsani kosalekeza. Tanthauzo la mawuwo ndi limodzi: kampani ya Microsoft sikupeza umboni woti Windows imene ili m'makinamo inalipiridwa kuti igwire ntchito m'makina amenewo. Tsono palibe chifukwa chokwerera basi usiku kupita ku Karonga, ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga umboniwo umasowa bwanji? Njira zodziwika ndi zingapo, ndipo kuzidziwa ndi kupulumutsa ndalama.

Njira yoyamba ndi laisensi ya kampani. Makampani akuluakulu ndi mayunivesite sagula Windows imodziimodzi. Amagula mwa chipiku, ndipo makompyuta awo amatsimikizidwa ndi makina a kampaniyo kudzera m'njira yotchedwa KMS. Chitsimikizo chimenechi chimakhala masiku 180 basi, ndipo kompyuta imayesa kuchiwonjezera masiku 7 aliwonse polankhulana ndi makina a kampani aja. Laputopu ikachoka ku ofesi ya ku Manchester n'kudzapezeka ku Chisenga, ilankhulana ndi yani? Miyezi 6 ikatha, idandaula basi. Apa palibe chothyoka. Laisensiyo inali ya eni ake, ndipo inatsala komweko.

Njira yachiwiri ndi yachinyengo chenicheni. Wogulitsa amaika kapulogalamu kamene kamanamizira kukhala makina a kampani aja, kotero kuti pa tsiku logula zonse zimaoneka bwinobwino. Pulogalamu yoteteza ku mavayirasi ikadzakagwira n'kukachotsa, masiku aja amayamba kuwerengeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yachitatu ndiyo imandipweteka kwambiri, chifukwa munthu amavutika ali ndi laisensi yabwinobwino. Kuyambira pa Windows 8 mu 2012, makampani monga Dell, HP ndi Lenovo anasiya kumata nambala ya zilembo 25 kunsi kwa makina. Amailemba m'kati mwa motherboard. Nambalayo imakhala ya mtundu umodzi wa Windows, kaya Home kaya Pro. Tsono wokonza amene ali ndi fulashi imodzi yoikira aliyense amathira Pro m'makina amene laisensi yake ndi ya Home. Kiyi ndi loko sizigwirizana, mawu aja atuluka, iye n'kuthiramo kapulogalamu kachinyengo kuti abise kulakwa kwake. Chikhalirecho akanaika mtundu woyenera, makinawo akanadzitsimikiza okha atangolumikizidwa ku intaneti, popanda kulipira ngakhale tambala.

Pali zinanso zing'onozing'ono. M'kompyuta ya patebulo muli kabatire kozungulira ngati khobidi, ka mtundu wa CR2032, kamene kamasunga tsiku ndi nthawi magetsi akathima. Kabatire kameneka kakafa, ndipo m'makina akale kamafa ndithu, kompyuta imasokoneza tsiku ndi chaka. Ikayesa kulankhulana ndi Microsoft ili m'chaka cholakwika, kutsimikiza kumakanika. Kukonza tsiku ndi kusintha kabatireko kumathetsa nkhani. Komanso ngati wogulitsa anasintha motherboard, Windows imaona makinawo ngati achilendo, pakuti kuyambira pa Windows 10 mu 2015 laisensi imamangiriridwa ku ziwalo za makina. Ndipo amene ali ndi kapepala kakale ka Windows 7 komata kunsi adziwe kuti mu September 2023 Microsoft inatseka khomo lija logwiritsa ntchito nambala zimenezi potsimikiza Windows 10 yoikidwa kumene.

Mungadziwe bwanji kuti vuto lanu ndi liti? Sizifuna digiri. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe kuti slmgr /xpr, kenako Enter. Kabokosi kadzakuuzani ngati makinawo ndi otsimikizidwa mpaka kalekale, kapena kadzakupatsani tsiku limene chitsimikizo chidzathe. Mukaona tsiku, dziwani kuti mwagula zobwereka. Kenako mulembe kuti slmgr /dli. Mukaona mawu akuti OEM kapena RETAIL, mtima ukhale pansi pang'ono. Mukaona VOLUME_KMSCLIENT pa makina amene mwagula pamsika, funsani mafunso. Kuyesa kumeneku sikugwira wakuba aliyense, koma kumagwira ambiri, ndipo kumatenga mphindi imodzi yokha. Kuchitike ndalama zili m'thumba, pamaso pa wogulitsa, osati mutafika kale kumudzi. Safunsa anadya phula.

Ena anena kuti, “Iwe mtolankhani, ukufuna tilemeretse Microsoft? Mnyamata wathu amachotsa mawuwo ndi ndalama yochepa, vuto lili pati?” Funso limeneli ndi lomveka ndipo sindilipeputsa. Windows 11 Home pa sitolo ya Microsoft ndi madola 139. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2024, umene unali pafupifupi K1,750 pa dola, imeneyo ndi ndalama yoposa K240,000, pamene malipiro otsikitsitsa chaka chimenecho anali K90,000 pamwezi. Ndani angagwire ntchito pafupifupi miyezi itatu kuti angochotsa mawu otuwa pakona? Microsoft ndi kampani yolemera, ndipo sindikulira misozi chifukwa cha iyo.

Ndikulira chifukwa cha inu. Kuti kapulogalamu kachinyengo kalowe, wokonza amayamba wazimitsa chitetezo cha kompyuta, kenako n'kukapatsa mphamvu zonse pa makinawo. Iye mwini sadziwa amene anakalemba, anangokatenga pa intaneti kapena pa fulashi ya mnzake. Mu December 2021 kampani ya ku America yofufuza za chitetezo cha makompyuta, Red Canary, inaulula kuti makope ena a pulogalamu yotchuka ya KMSPico ankabwera atabereka vayirasi yotchedwa CryptBot, imene ntchito yake ndi kuba mapasiwedi ndi zinsinsi zina zosungidwa m'makina. Taganizani tsono za kompyuta ya m'kasitolo kotayipa. M'menemo mumadutsa zitupa za unzika, makalata ofunsira ntchito, masatifiketi a MANEB, mapepala a kubanki. M'kompyuta ya sukulu muli mayina ndi malikisi a ana. Kodi tingatsekule chitseko usiku kwa munthu wosamudziwa chifukwa walonjeza kutichotsera kangaude pakhoma?

Ndiye chifukwa chake ndikuti nkhaniyi ibwerere kwa wogulitsa. Munthu akakugulitsani njinga yamoto popanda mapepala, mumadziwa kuti mtengo uyenera kutsika kapena malonda athe. N'chifukwa chiyani pa kompyuta timangoyang'ana kuwala kwa sikirini ndi kukula kwa hadi disiki? Wogulitsa amene akunena kuti makina ali ndi Windows, akudziwa kuti ndi ya masiku 180, wanama pa malonda. Malamulo alipo. Consumer Protection Act ya 2003 ndi Competition and Fair Trading Act ya 2024 amaletsa kusocheretsa wogula, ndipo bungwe la CFTC linakhazikitsidwa kuti lizimva madandaulo otere. Copyright Act ya 2016 imatetezanso mapulogalamu a kompyuta. Koma likulu la CFTC lili ku Lilongwe, ndipo wa ku Ifumbo amene alibe lisiti adzadandaula ndi chiyani? Wogulitsa wa kutsidya kwa malire mudzamupeza kuti? Kutalika kwa Chitipa ndiye chishango cha onyenga. Amadziwa kuti munthu sangawononge ndalama ya ulendo wa makilomita oposa 300 kubwerera ku Mzuzu chifukwa cha mawu awiri a pa sikirini.

Choncho lisiti likhale chida chathu. Palembedwe nambala ya makina, mtundu wa Windows, ndi mawu omveka onena ngati laisensi ilipo kapena ayi. Wogulitsa woona mtima sangakane. Anene poyera kuti, “Iyi ilibe laisensi, mtengo wake ndi uwu,” ndipo wogula asankhe maso ali tseguke. Alipo makampani okonzanso makompyuta ovomerezeka ndi Microsoft, amene amaika laisensi yatsopano pa makina aliwonse. Amalonda athu amene amaoda kunja angathe kufunsa zimenezi ngati akufuna.

Mawu awirinso kwa inu abale athu amene mwabwerera kumudzi kuchokera ku Britain, ku Joni, ku Lusaka ndi kwina. Ambiri a inu mumabwera ndi malaputopu a mphatso, ena munapatsidwa kuntchito makina atsopano atabwera. Mtima wanu ndi wabwino, ndipo tikuthokoza. Koma musananyamule, yesani slmgr /xpr muli komweko kumene intaneti ndi yotsika mtengo ndipo a ofesi yanu angakuyankheni. Mphwanu wa ku Chitipa asalandire mphatso imene idzamusandukire ngongole mvula isanagwe. N'chimodzimodzi mabungwe ndi aphungu amene amapereka makompyuta kusukulu akujambulitsa. Ahedi ndi makomiti a sukulu afunse za laisensi tsiku lomwelo, alendo asanakwere galimoto.

Pali chinthu chinanso chimene ogulitsa sakonda kutchula. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 October 2025. Windows 11 imafuna makina okhala ndi TPM 2.0 ndiponso, pa makina a Intel, purosesa ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Makampani a kunja akutaya makina amene sakukwanitsa zimenezi, ndipo tonse tikudziwa kumene zotayidwa za Azungu zimathera. Ndiye kuti mungathe kulipira laisensi yeniyeni ya Windows 10 lero, n'kukhala mwagula denga la nyumba imene mwini wake wasiya kuikonza.

Kwa makina otere njira yanzeru ndi Linux. Ubuntu ndi Linux Mint ndi zaulere mwalamulo, sizifunsa nambala, ndipo zimayenda bwino pa makina akale. LibreOffice imalemba makalata ndi kuwerengera ndalama, ndipo imatsekula mafayilo a Word ndi Excel. Ubuntu inayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lake ndi lomwe ife timati umunthu. Si zachilendo kuno. Bungwe la Baobab Health, limene linayamba ntchito pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe mu 2001, linamanga makina olembera odwala m'zipatala zambiri pogwiritsa ntchito mapulogalamu aulere otere. Zoona, pali mapulinta ena ndi mapulogalamu ena amene amafuna Windows basi, ndipo amene bizinesi yake yatsamira pamenepo alipire laisensi ngati mmene amalipirira lendi. Koma mwana wophunzira kutayipa ndi mphunzitsi wolemba mayeso safuna zoposa zimene Linux ili nazo.

Anyamata athu okonza makompyuta si adani. Ambiri anadziphunzitsa okha ndipo ndiwo amene amasunga makina a boma lonse la Chitipa amoyo. Aphunzire kuwerenga laisensi ya m'motherboard, kuika mtundu woyenera wa Windows, ndi kuika Linux. Amene adzayambe kuuza makasitomala zoona adzapeza kuti mbiri imathamanga kuposa basi ya ku Karonga.

Ndipo inu amene mawu aja akuwala pakona ya sikirini yanu usiku uno, musazimitse chitetezo cha makina anu. Onani tsiku ndi chaka, lembani slmgr /dli, fufuzani lisiti, kenako muimbire amene anakugulitsani. Mlandu suwola.