Nyumba itsate sukulu ya mwana

Kalata yosamutsa munthu pantchito ikafika, kaya ndi namwino, wapolisi kapena kalaliki wa pakampani, mafunso a pabanja amakhala omwe aja. Lendi ndi zingati? Madzi ndi a pampopi kapena okagula pakiyosiki? Nanga kuntchito n'kokwera minibasi zingati? Za sukulu ya mwana zimakumbukika katundu atatsitsidwa kale m'lole, alandilodi atalandira kale ndalama za miyezi itatu. Apo m'pamene mayi amafunsa aneba kuti, "Kodi ana kuno amaphunzira kuti?" Ine ndikuti dongosolo limeneli n'lozondoka. Banja lomwe lili ndi mwana wa kupulayimale liyambe lapeza sukulu, kenako lifunefune nyumba pamtunda woti mwanayo atha kuyenda wapansi.

Munthu wamkulu ali ndi njira zambiri zofikira kuntchito. Minibasi ikasowa akwera kabaza, akachedwa aimba foni kwa abwana, mvula ikakula ausa pakhonde la sitolo. Mwana wa zaka 6 yemwe wangoyamba sitandade 1 ali ndi timiyendo take basi, ndipo ulendo umenewo adzauyenda m'mawa uliwonse kwa zaka 8. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, kutanthauza kuti kumapeto kwa teremu yoyamba ndi teremu yachiwiri yonse zimagwera m'dzinja. Amene akudziwa mmene Lingadzi amadzazira kufupi ndi Mtandire, kapena mmene Nasolo amathamangira mu Ndirande mvula ikagwa kuphiri, sangaone ngati nkhani yaing'ono kuti pakati pa nyumba ndi sukulu pali mtsinje. Chimodzimodzinso msewu wa M1 mu Lilongwe kapena wa Chipembere mu Blantyre. Nyumba itha kukhala yokongola, ya mpanda ndi geti, koma ngati kamwana kayenera kudumpha msewu wotere kawiri patsiku kali kokha, nyumbayo ili pamalo olakwika. Mwana wochokera kutali amafika belu litalira kale, yunifolomu itanyowa, n'kukakhala kumbuyo kwenikweni komwe mawu a aphunzitsi safika. Akakhala mtsikana yemwe wayamba kusinkhuka, njira yaitali yodutsa m'minda ya chimanga kapena kuseri kwa mabala ili ndi zoopsa zina zomwe kholo lililonse likuzidziwa.

Ena amati sukulu za boma n'zofanana, choncho palibe chosankha. Si zoona. Chiyambire 1994, pomwe boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulayimale ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, zipinda ndi aphunzitsi sizinakwanepo. Cholinga cha boma n'chakuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'matauni muli makalasi a ana oposa 100, ndipo sukulu zina zimagawa ana kuti ena azibwera m'mawa, ena masana. Kuthinana kumeneku sikufanana paliponse. Sukulu ziwiri za m'zoni imodzi, zoyang'aniridwa ndi mlangizi wa zamaphunziro (PEA) mmodzi, zitha kusiyana kwambiri malinga ndi ahedi ake, komiti ya makolo ndi kuchuluka kwa nyumba zozungulira. Ndiye kholo lipite lokha likaone, tsiku la sukulu, nthawi ya maphunziro.

Likafika lisathamangire kufunsa kuti chaka chatha anasankhidwa angati kupita kusekondale. Zotsatira za mayeso a PSLCE zimanena za ana omwe afika sitandade 8, sizinena za omwe anabwerezabwereza mpaka kutayika m'njira. Lipemphe kusuzumira mu sitandade 1 ndi 2, chifukwa kumeneko n'komwe mwana amaphunzira kuwerenga, ndipo amene wadutsa makalasi amenewa asakutha kulumikiza maphatikizo amavutika m'phunziro lililonse kutsogoloko. Kodi ana akhala pansi pamtengo kapena m'chipinda? Buku limodzi agwirizira angati? Aphunzitsi ali pabolodi kapena kalasi yasiyidwa m'manja mwa mwana wogwira kandodo? Kenako lizungulire kuseri likaone zimbudzi, ngati zili ndi zitseko, ngati za atsikana zili pazokha, ngati pali mjigo kapena mpopi wotuluka madzi. Lifunsenso ngati pamaphikidwa phala, poti sukulu zambiri zimalandira phala kuchokera ku mabungwe monga Mary's Meals, ndipo kapu imodzi ija imasunga mwana m'kalasi mpaka nthawi yowerukira. Pomaliza lifunse kuti ana a pano akakhoza amapita ku CDSS iti, chifukwa sekondale zoyendera zimatenga ana kuchokera ku mapulayimale oyandikana nazo. Posankha pulayimale lero, mwayamba kale kusankha sekondale.

Chodandaula choyamba n'cha ndalama, ndipo n'chomveka. Nyumba zoyandikana ndi sukulu yabwino nthawi zambiri lendi yake imakwererapo, pomwe malipiro ndi omwe aja. Komabe tiyeni tiwerengetse bwino. Nyumba yotchipa ya kutali imabwera ndi wakabaza woti azitenga mwana m'mawa ndi kumubweza masana, masiku asanu pasabata, materemu atatu pachaka, ndipo ngati ana ali awiri oweruka nthawi zosiyana, maulendowo achuluka. Lendi imadziwika mwezi usanayambe. Mtengo wa kabaza ndi minibasi umasintha tsiku lomwe mafuta asowa pafilingi siteshoni, ndipo tsiku lomwe m'thumba mwauma, amene amajomba ndi mwana. Bambo kapena mayi akawonjezera minibasi imodzi paulendo wawo wa kuntchito kuti mwana aziyenda mphindi khumi zokha, banjalo lapindula.

Ena adzati vuto lonseli limatha ndi sukulu ya pulaiveti yokhala ndi basi yakeyake. Zilipo zabwino, sindikukana, bola kholo litsimikize kuti sukuluyo inalembetsedwa ku unduna wa zamaphunziro, lisangokopeka ndi chikwangwani ndi mataye a ana. Koma basi yozungulira makomo ambiri imanyamula mwana wa kutali kusanache n'kumutula madzulo atatheratu. Fizi nayo imakwera, ntchito imatha, bizinesi imagwa. Zikatero mwana amabwerera kusukulu ya boma yomwe ili pafupi ndi nyumba, ija simunaiyang'aneko n'komwe pobwera. Ngakhale amene akwanitsa pulaiveti lero ayenera kudziwa sukulu ya boma ya m'dera lomwe akufuna kukhala.

Chodandaula cholemera kwambiri n'chakuti ambiri sasankha. Wapolisi amapatsidwa nyumba kulayini, wochita geni amakhala komwe lendi angaithe, ndipo kalata ya kuntchito imati mukayambe Lolemba. Izi n'zoona, ndipo sindingauze munthu wa ku Chinsapo kuti akafune nyumba ku Area 47. Koma ngakhale mkati mwa Area 25, Bangwe kapena Chibavi ku Mzuzu, sukulu si imodzi, ndipo nyumba za mtengo wofanana zimapezeka tsidya lino ndi tsidya lija la mtsinje. Kusankha kochepa komweko n'kofunika kukugwiritsa ntchito. Pa za changu, palibe lamulo loti banja lonse likwere lole tsiku limodzi. Wantchitoyo atsogole, agone kwa achibale kapena m'kachipinda kamodzi, ayendere sukulu, ana amalize teremu komwe ali, atenge kalata ya transifa kwa ahedi ndi malipoti awo. Wa sitandade 8 yemwe dzina lake lapita kale kubungwe la mayeso la MANEB ndi bwino alembere mayeso komwe analembetsa, ngati pali wachibale wodalirika womusunga miyezi yotsalayo.

Olemba anthu ntchito, kuyambira boma lenilenilo, nawonso ali ndi mbali yawo. Kusamutsa kholo pakati pa teremu ndi kusamutsanso ana ake pakati pa silabasi. Pokhapokha pakhale chifukwa chadzidzidzi, makalata osamutsa anthu azituluka msanga kuti mabanja azisamuka pa holide yaikulu ya mu Ogasiti, ana akayambe chaka pamodzi ndi anzawo.