Ululu ndi mnansi wotsina khutu

Mayi wootcha chimanga m'mbali mwa msewu wa M1 pa Phalula akakhudza khala lamoto, dzanja limathawa iye asanakuwe n'komwe. Timitsempha ta pakhungu timatumiza uthenga kumtsempha waukulu wa mumsana, ndipo mtsemphawo umalamula dzanja kuti lichoke uthengawo usanafike kuubongo. Ubongo ukaulandira, m'pamene munthu amamva kupweteka.

Ambiri amauona ululu ngati mdani, koma anthu a m'boma la Balaka ali ndi chifukwa chouonera mwina. Ku Utale, komwe amishoni a Katolika ankasamalira odwala khate, kunkafika anthu oduka zala. Dokotala wina wa ku Britain, Paul Brand, yemwe ankagwira ntchito ku India, adaonetsa kuti nthawi zambiri si khate lenilenilo limene limadya zala. Kachilombo kake kamaononga mitsempha, munthu n'kusiya kumva kupweteka. Akapsa kapena kubayidwa ndi minga sadziwa, amapitiriza kulima ndi kuyenda mpaka bala litanyeka.

Mu 1994 dziko la Malawi lidafika pa mlingo womwe bungwe la WHO limati khate lagonja, kutanthauza wodwala wosakwana mmodzi pa anthu 10,000 alionse. Komatu kugonja si kutheratu. Matenda a shuga nawonso amapha mitsempha ya kumapazi, ndipo ena adulidwa miyendo chifukwa cha kabala komwe sadakamve.

N'chifukwa chake chizolowezi chothamangira kuokala kukagula Panado tsiku ndi tsiku n'chodetsa nkhawa. Mankhwalawa amangotontholetsa mthenga, vuto lili pompo. Kumwa tsiku limodzi kapena awiri palibe cholakwika, koma mutu, dzino kapena m'mimba zikamapweteka sabata yathunthu, malo ake ndi kuchipatala.

Choopsa kuposa apa ndi thupi lomwe langoti zii. Banga loyererako pakhungu lomwe silimva ukalikhudza, kapena dzanzi losatha m'manja ndi kumapazi, si zoti n'kudikira kuti zipweteke kaye, chifukwa mwina sizidzapweteka. Khate limachizika ndi mankhwala aulere a miyezi 6 kapena 12, koma mtsempha ukafa nthawi zambiri sudzukanso.

Makolo aziyang'ana khungu la ana powasambitsa, ndipo odwala shuga aziona kuphazi madzulo alionse. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Mnansiyu akalankhula amveredwe, ndipo akakhala chete pomwe pali bala, banja lisagone, lithamangire kuchipatala cha Phalula.