Mawondo a kwa Kawinga ndi matenda a shuga

M'dera la Mfumu Yaikulu Kawinga m'boma la Machinga, kuphwanya kwa mawondo kumatengedwa ngati chizindikiro cha ukalamba kapena malipiro a khasu. Koma madokotala akuona kuti nyamakazi ya m'bondo imayenderanso limodzi ndi kunenepa kwambiri komanso matenda a shuga.

Bungwe la World Health Organisation likuti mu 2019 anthu pafupifupi 365 miliyoni padziko lonse anali ndi nyamakazi yotereyi. Kuno kwathu, kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti pafupifupi akuluakulu 6 mwa 100 alionse anali ndi shuga.

Kulemera kwa thupi kumaperesa fupa lofewa lophimba mfundo ya bondo. Kuwonjezera apo, mafuta ochuluka m'thupi amatulutsa timadzi toyambitsa kutupa, ndipo shuga wokwera amafooketsa fupalo. Bondo likayamba kupweteka, munthu amaleka kuyenda, thupi n'kumakulirakulira, shuga n'kumakwera.

Chodetsa nkhawa n'chakuti ambiri amangogula ibuprofen kapena diclofenac m'magolosale a pa Ntaja ndi pa Liwonde. Mankhwalawa akamwedwa nthawi yaitali amakweza kuthamanga kwa magazi ndi kuwononga impso, zomwe shuga amakhala atazifooketsa kale.

Opaleshoni yoika bondo lochita kupanga ndi yodula, ndipo mlimi wamba sangaikwanitse. Choncho m'pofunika kuti zipatala zazing'ono ziziyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi kwa wamkulu aliyense wodandaula bondo, zinthu zisanafike poipa.